Uta Wamanzere

M'sitolo ya Darlene Kangas ku Ontonagon
mauta amalendewera kudenga ngati mileme yogona,
uliwonse ndi timawilo take kunsonga.
Ndinalowa nditanyamula wanga wakale,
wa zaka makumi awiri ndi zitatu,
utoto utasupuka pamene chikhatho chimakhala.

"Reino, tambasula manja."
Anandiyeza ndi tepi, chala mpaka chala,
ngati akundisokera jekete la pamaliro,
nalemba nambala kuseri kwa lisiti.
"Mapaundi angati?"
"Makumi asanu ndi awiri."
Mawuwo anatuluka okha, osandifunsa.

Sanaseke. Ananditsitsira wobiriwira.
Ndinakoka. Phewa linalira ngati chitseko cha khola,
nsinga inaima pakati panjira,
ine ndi iyo tangoti maso tong'o.
Dokotala wa ku Marquette ananena kale mu Malichi;
ndinamuyankha kuti iye sanakhalepo mumtengo
mbandakucha, chisanu chikuluma ndevu.

"Gwape sawerenga mapaundi," anatero Darlene,
akumasula bawuti ndi kasipanala kopindika.
Makumi asanu basi.
Uta wa mawilo uli ndi chifundo chachilendo:
umakulemera poyamba, kukuyesa mtima,
kenako ukangopitirira pachitunda
umatula katundu, nkukusiya upume
nsinga ili patsaya.
Ndinaigwira choncho mpaka firiji ya nyambo itasiya kulira.

Koma mivi itatu yonse inathawira kumbali.
Ina itatu, chimodzimodzi.
Ndinada uta. Ndinada nyali. Ndinada mphepo
m'chipinda chopanda zenera.

"Phatikiza manja, siya kabowo pakati.
Yang'ana msomali uli pakhomapo. Tsinzina lamanzere."
Msomali unasowa.
Khoma lokha, mbee.
"Diso lako lamanja linapuma pantchito osakutsanzika.
Lamanzere ndi limene lakhala likukusenza."

Ndinakumbuka gwape wa chaka chatha pansi pa mikungudza,
magazi madontho asanu pa chipale,
masiku awiri ndikulondola mapazi osamupeza.
Kunyumba ndinati nthambi inapatutsa muvi.
Panalibe nthambi.

Wamanzere unalipo umodzi wokha,
wotuwa ngati phulusa, fumbi lili pamawilo.
Mnyamata wina anauitanitsa, nalipira theka,
nasamukira ku Green Bay kutsatira ntchito.
Ndinaugwira ndi dzanja lolakwika
ngati mwana woyamba kugwira supuni.
Zala sizinadziwe kwawo.
Chigongono chinkafunsa njira.

Mkulu wanga Waino anali wamanzere.
Zaka makumi anayi ndinkamuseka
kuti amalasa ngati munthu wa m'galasi.
Iye ankangotafuna fodya, nkupita kukasenda nyama yake.
Tinamuika m'manda chaka cha chipale chambiri chija,
uta wake tinagulitsa pabwalo, madola makumi atatu,
chifukwa panalibe wina woti nkuukoka.

Muvi woyamba unagunda thabwa.
Wachiwiri unaluma m'mphepete mwa pepala.
Wachisanu ndi chiwiri
unalowa mwakachetechete pamene diso linautuma,
ndipo ndinayang'ana kumbuyo
ngati kuti wina wandigwira chigongono.
Kunali Darlene yekha, akumwa khofi wozizira.

Madola mazana asanu ndi limodzi, mivi padera.
Wakale uja anakana kuugula:
"Ukaupachike pamwamba pa mbaula, uzikuonera."

Kwatsala masabata asanu ndi limodzi kuti Okutobala afike.
Madzulo aliwonse ndimaima kuseri kwa khola
kulasa mtolo wa udzu ndi dzanja la Waino.
Dzulo muvi unakathera m'mulu wa nkhuni.
Gwape wamkazi anali potero, pansi pa mtengo wa maapozi,
akutafuna, akundiyang'ana,
osaona chifukwa chothawira.
Ndinamuuza kuti asazolowere.